Dzenje la Mapichesi Owola

"Tanunkhiza ichi! Nunkhiza, iwe, undiuze ngati zimenezi n'za mvula!"

Amuna anga anaponya pichesi patebulo pamene ndinkasitira malaya awo. Linagubuduzika n'kukaima pakolala penipeni. Mbali imodzi linali losalala, lofiira bwino, loti munthu n'kulumako. Mbali inayo linali labulawuni, lofewa, litamera timiulu ta ufa wotuwa.

"Lawola," ndinatero ndikupukuta kolalayo.

"Zoti lawola ndikuziona, maso ndili nawo! Ndikufunsa kuti bwanji akuwola anga okha, pamene a mlamu wanga kuseri kwa wayako ali phuliphuli? Mvula ndi imodzi. Dothi ndi limodzi. Mbande tinagula tsiku limodzi, ine ndi malemu mng'ono wanga. Ndiye iweyo ndi nzeru zakozo, tandiuza."

"Mwina mukanawafunsa amake mapasa kuti iwo amatani."

"Ine? Kukafunsa mzimayi woti sukulu analekezera panjira? Tayang'ana pakhomapo!"

Sindinayang'ane. Pepalalo ndimalidziwa kuposa nkhope yanga, popeza ndine ndimalipukuta fumbi Loweruka lililonse. Amuna anga anakachitapo maphunziro a ulimi wa zipatso a masiku atatu, ndipo ndikukhulupirira kuti awiri mwa masikuwo anathera pamzere wa tiyi. Anabwerako ndi satifiketi ndi kabuku ka zithunzi. Satifiketi anaiika m'felemu yagalasi, kabuku anandipatsa kuti ndikolezere moto. Kuyambira pamenepo anthu amawatchula kuti a Satifiketi, ndipo iwo amavomera mosangalala poganiza kuti ndi ulemu.

"Mkazi ameneyu ali ndi zake," anapitiriza atatsitsa mawu. "Ndamuona ine ndi maso angawa. M'mamawa uliwonse amazungulira mtengo uliwonse ndi ndowa, kutola tinthu, n'kukakwirira kudzenje kuja kuli pafupi ndi waya wathu. Bwanji pafupi ndi waya wathu? Akukwirira zokolola zanga ameneyu!"

"Bambo, amakwirira mapichesi owola."

"Khala chete! Wa lole wogula mapichesi akubwera pakatha masabata atatu. Kwa ine adzapeza chiyani, matope? Mitengo ija ndi ya mng'ono wanga, magazi athu. Sindingamaione ikudyetsa mfiti. Lamlungu ndiitana amayi tidzakambirane."

Anatola malayawo banga lili pomwepo, n'kuvala, n'kutuluka.

Munda wa a Satifiketi umadziwika ndi mphuno munthu asanauone. Mitengo yawo sinalawepo sizasi, chifukwa amati nthambi iliyonse ndi zipatso ndipo wodulira mtengo ndi wankhanza. Mkati mwa mitengoyo muli mdima ndi chinyezi, mphepo siidutsa. M'nthambi mumalendewera mapichesi a chaka chatha, akuda, ouma, okwinyika, omwe iwo amati amaopseza mbalame. Koma chimene amanyadira kwambiri ndi milu. Pichesi lililonse lowola amalitola bwinobwino n'kuliunjika patsinde pa mtengo kuti likhale manyowa. "Mwana abwerere kwa mayi wake," amatero, n'kuyang'ana uku ndi uku kuti aone ngati alipo wamva nzeru imeneyo.

Masana a tsiku lomwelo ndinawoloka waya kuti ndikawatsine khutu amake mapasa. Mayi ameneyu anakwatiwa ndi mng'ono wa amuna anga, ndipo chimwalirireni mwamuna wake zaka zitatu zapitazo, mitengo makumi anayi ija ndiyo inkadyetsa ndi kuphunzitsa atsikana ake awiri. Ndinawapeza ataima pakireti, dzanja lili m'masamba.

"Mukuthyola osapsa?" ndinafunsa.

"Ndikupatulira, achemwali. Awiri akagundana, limodzi ndimachotsa. Lowola likangokhudza linzake, mawa lake onse awiri apita."

"Alamu anu akuti mukuwalodza."

Anaseka mpaka kireti inagwedera. Ataona kuti ine sindikuseka, anatsika.

"Mukunena zoona?"

"Lamlungu aitana apongozi. Akufuna mitengoyi."

Anakhala pakiretipo, sizasi ili pamiyendo.

"Ufiti wanga ndiye munandipatsa ndinu," anatero. "Mwaiwala? Ndinabwera kudzapempha machesi, inu n'kundipatsa ndi kabuku kaja kuti ndikakolezere moto. Ine ndinakawerenga. Nthendayi ndi chuku basi, achemwali. Imagona m'mapichesi ouma aja otsalira pamtengo. Maluwa akamatuluka, kukafunda, kamvula n'kuwaza, ufa wake umauluka n'kugwera pamaluwa. Mukaona maluwa afota koma osagwa, kanthambi kakutuluka utomoni, ndiye kuti yalowa. Kanthambi koteroko ine ndimadula n'kutentha. Sizasi ndimaipukuta ndi sipiriti ndisanapite pamtengo wina. Kupopera ndimapopera maluwa akamatseguka ndi pamene zipatso zayamba kufiira, osati zitawola kale. Zogwa pansi ndimatola dzuwa lisanakwere n'kuzikwirira mozama kuti ufawo usauluke. Ufiti wake ndi umenewo. Umapweteka msana."

"Nanga bwanji dzenjelo munakumba pafupi ndi waya?"

"Aa, si munasankha malowo ndinu? Munati kumeneko dothi ndi lofewa. Komanso mphepo imachokera kwanu kubwera kuno. Wodandaula ndikanakhala ine, milu yonse ija! Chaka chatha ndinawauza alamu mwaulemu kuti milu ija ndiyo ikuwawolezera zipatso. Anandiyankha kuti ndikaphike."

"Ndi mmene alili."

"Achemwali, inu mukudziwa zomwe zili m'dzenjemo. Khasu tinkasinthana. Lamlungulo mudzanena?"

"Ndidzanena," ndinatero, ndipo pa nthawiyo ndinkakhulupiriradi kuti ndidzanena.

Lamlungu litafika, a Satifiketi anavala jekete ya ukwati wathu, yomwe mabatani ake anasiya kalekale kukumana. Anapachula satifiketi pakhoma n'kuikhazika pampando wakewake pakhonde, ngati nayonso inali mbale wathu. Apongozi anafika atamanga nkhope. Mayi amenewa chifereni mwana wawo wamng'ono akhala akufunafuna munthu woti amuloze chala, chifukwa zoti munthu angafe ndi chifuwa chachikulu chomwe anakana kumwa mankhwala ake iwo sazimva. Oyandikana nafe anadzapezeka kuti onse ali ndi zochita pafupi ndi mpanda wathu.

"Amayi," anayamba amuna anga, "ine sindikonda zolankhulalankhula." Analankhula kwa ola lathunthu. Ananena za maphunziro awo, za dothi, za magazi, za maloto omwe analota mng'ono wawo akulira pansi pa mtengo. Pomaliza anaimirira n'kutenga fosholo. "Tiyeni mukadzionere nokha."

Tonse tinalondola mpaka kudzenje. Aka kanali koyamba chaka chimenecho kuwaona amuna anga atagwira fosholo, ndipo anakumba ndi mphamvu zomwe sindinkadziwa kuti ali nazo. Dothi la pamwamba litachoka, kunatuluka fungo lowawasa. Pamwamba panali mapichesi a sabata yomweyo, ofewa, otuwa ndi chuku. Pansi pake panali akale aja, akuda, okwinyika. Anatola limodzi n'kulikweza m'mwamba kuti a kumpanda aone.

"Taonani! Chili ndi nkhope ngati ya munthu!"

Apongozi anagwira pamtima. "Mayo ine! Mwana wanga anauma chonchi! Anakwinyika chonchi mwana wanga!"

"Amayi, ndi pichesi limenelo," anatero amake mapasa. Anatulutsa kabuku kaja m'thumba la epuloni n'kutsegula patsamba la zithunzi. "Taonani apa. Chithunzi chake ndi ichi, ndipo pansipa alemba kuti tizitola n'kukwirira kapena kutentha. Alamu, werengani ndinu, poti ndinu ophunzira."

Amuna anga anakalanda kabukuko, n'kukayang'ana pachikuto pokha. Maso anawala.

"Kabuku kanga aka! Dzina langa ili! Amayi, mwaona? Wandibera ndi nzeru zomwe! N'chifukwa chake mutu unkandiwawa chaka chonse chatha."

"Anandipatsa ndi akazi anu. Dzenjelinso tinakumba limodzi." Amake mapasa anatembenukira kwa ine. "Achemwali, tanenani."

Apongozi anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, pang'onopang'ono.

"Kodi iwenso ulimo?" anafunsa.

Ndinaganiza za nyumba yanga, za ana anga, za zaka makumi awiri zomwe ndakhala ndikumeza mawu pakhomo pano kuti ndizitchedwa mkazi wabwino. Ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga.

"Ine sindikudziwapo kanthu, amayi."

Pa anthu onse omwe anaima padzenje paja, a Satifiketi ndi jekete yawo, apongozi ndi misozi yawo, a kumpanda ndi makosi awo aataliwo, amene ndimanyansidwa naye kwambiri mpaka lero ndi ineyo. Enawo anali mbuli chabe. Ine ndinkadziwa.

Chigamulo sichinachedwe, popeza chinali chitaphikidwa kale. Mitengo yonse makumi anayi inabwerera m'manja mwa mwini magazi. Amake mapasa analoledwa kukhala m'nyumba mpaka atsikana atatseka sukulu, ndipo apongozi anati chimenecho n'chifundo choti mfiti siiyenera. Amake mapasa sanalire. Anatola kabuku kawo pansi pomwe amuna anga anakaponya, n'kukasasa dothi, n'kulowa m'nyumba.

M'mawa mwake a Satifiketi anadula waya n'kulowa m'munda wawo watsopano ndi wilibala. Anaima manja ali m'chiuno, akupukusa mutu.

"Taona nkhanza zake! Mitengo kuimeta chonchi! Pansi mbee, popanda ndi manyowa omwe. Ikubereka ndi matsenga basi. Tsopano ilawe ulimi weniweni."

Anafukula dzenje lonse n'kumwaza zonse zinali mmenemo pansi pa mitengo ija. Zitatha, anayamba kututa milu ya kumunda kwathu, wilibala pambuyo pa wilibala, ufa wotuwa ukufuka m'mwamba nthawi iliyonse akakhuthula. Kenako anakoka paipi n'kuthira madzi pamwamba pa masamba ndi zipatso, dzuwa likuswa mtengo, ati kutsuka zoipa. Ine ndinkawapititsira madzi akumwa.

Tsiku lachitatu amake mapasa anatuluka n'kuima pakhomo pawo.

"Alamu, mitengo mwatenga, sindikulimbana nanu. Koma chonde, chotsani zimenezo pansi pake. Mapichesi atsala pang'ono kupsa, ino ndiyo nthawi yoopsa. Mng'ono wanu anaivutikira mitengoyi."

"Wamva?" anatero amuna anga akundiyang'ana, akuseka. "Zikumuwotcha! Ndakhudza pamene pali mphamvu zake."

Lachisanu kunagwa mvula yofunda, yamawawa, ndipo sinakate mpaka Lolemba. Itakata, ndinapita kukaona. Pa pichesi loyamba panali kadontho kabulawuni kochepa ngati chikhadabo. Madzulo ake kadonthoko kanali katadya theka la chipatso. A Satifiketi anathamangira kusitolo n'kubwerako ndi mankhwala a mbozi za kabichi, poti ndiwo anali otsika mtengo, n'kuthira muyeso wowirikiza kuti amveke msanga. Nyerere ndi njuchi zinafa zambiri ndithu. Chuku sichinamve n'komwe.

Atatsala masiku awiri kuti wa lole afike, anatithyoletsa onse ooneka bwino. Ndinawauza kuti tizisankha, okhala ndi kadontho tiziika padera.

"Kadontho kokhako? Kaike pansi, abwino pamwamba. Wa lole amawerenga makireti, sawerenga madontho."

Tinapakira mothinana mpaka ena kuphwanyika. Makireti anawasanja m'shedi ya malata, n'kufunditsa pulasitiki wakuda kuti mbava ndi maso oipa zisaone.

Wa lole anafika Lachinayi cha m'ma teni. Ndi bambo wosakonda nkhani, wovala ovolosi yong'ambika pabondo. Apongozi anali atabwera kudzaona chipambano cha mwana wawo, ndipo jekete ija inali itatulukanso. Wa lole anayang'ana uku ndi uku.

"Amayi aja ali kuti? Ine ndimadzera iwo kuno."

"Mundawu tsopano uli m'manja mwa katswiri," anatero amuna anga, n'kuvundukula pulasitiki mwamatama.

Kunatuluka mpweya wotentha ndi tintchentche tambirimbiri. Wa lole anachotsa mapichesi awiri a pamwamba. Pansi pake onse anali atamatana kukhala chinthu chimodzi, chotuwa, chikudontha madzi. Anatsegula kireti yachiwiri, yachitatu, yachisanu. Kenako anatuluka m'shedimo n'kukaima pakati pa mitengo, n'kuyang'ana milu ija kwa nthawi yaitali.

"Waika izi apa ndani?"

"Manyowa amenewo. Mwana abwerere kwa mayi wake."

"Bambo, zaka zitatu ndakhala ndikutenga mapichesi pano osatayapo ndi kireti imodzi yomwe. Munda uno ndimautchula kwa alimi ena kuti adzaonere. Inu mwatenga nthenda yomwe mayi uja anaikwirira, mwaifukula, mwaithirira madzi, mwaifunditsa bulangete. Ngakhale ooneka bwinowo sindingawakweze, angakandiwolezere katundu wa anthu ena." Anapukuta manja paovolosi. "Satifiketi imene amanena ija ndi ya chiyani kodi?"

Sanadikire yankho. Lole inatembenuka n'kupita yopanda kanthu.

Ndinaganiza kuti tsopano zamveka. Mawu anali atanenedwa ndi mwamuna, mlendo, wa galimoto, ndipo pakhomo pano mawu oterowo ndiwo amalemera. Ndinayang'ana amuna anga ndikuyembekezera manyazi, ngakhale pang'ono pokha. Anali kukamwa yasa, thukuta likutsikira m'kolala. Amene anawapulumutsa ndi mayi awo.

"Wailodza!" anakuwa apongozi. "Waona kuti tamulanda, ndiye wati tiluze tonse! Masabata awiri okha mitengo yabwinobwino n'kuwola chonchi? Ndi wa lole yemwe wamudyetsa! Simunamve mmene amamutamira?"

Nkhope ya a Satifiketi inabwerera m'malo mwake. Anakoka jekete, n'kutsokomola.

"Ndimadziwa ine," anatero. "Ndimangofuna umboni."

Za kudikira kuti sukulu itseke zinathera pomwepo. Pofika masana, katundu wa amake mapasa anali panja: matiresi awiri, mapoto, sutikesi yomanga ndi chingwe. Atsikana aja anabwera kuchokera kusukulu n'kupeza nyumba yawo ili ndi loko wachilendo. Mchimwene wa mayi awo anadzawatenga pangolo. Ine ndinaima patali ndi tsache m'manja, ndikusesa pamalo poyera kale.

Ngolo isananyamuke, amake mapasa anabwera pomwe ndinaima. Ndinkafuna anditukwane, mwina mtima ukanapepuka. Sanatero. Anayang'ana mitengo yawo kamodzi, mzere ndi mzere, kenako anatulutsa kabuku kaja n'kundiika m'manja.

"Tengani, achemwali," anatero. "Mukakolezere moto."

Madzulo amenewo ndinaphika, ndinapakula, ndinatsuka mbale. Amuna anga anadya bwino ndithu, akufotokoza mmene chaka chamawa mitengo yonse zana idzaberekere, poti tsopano pakhomo payera. Ine ndinakhala kukhitchini ndi kabuku kaja. Masamba ake anali akuda ndi zala, ndipo m'mphepete munali timizere ta pensulo pomwe mwini wake ankavutika ndi mawu aatali.

Kutacha, dzuwa lisanakwere, ndinatenga ndowa ndi khasu. Ndinayambira m'munda wa amake mapasa, pamtengo woyamba wa mzere wa kumtunda. Ndinatola a pansi, ndinathyola a m'nthambi, ofewa ndi ouma omwe, mpaka ndowa inadzaza. Chaka chino chinali chitapita kale, koma mitengoyo inali idakali moyo, ndipo atsikana aja tsiku lina adzakula n'kudzafunsa za mitengo ya bambo awo. Ndinapita pamalo pomwe paja, pomwe dothi ndi lofewa, n'kuyamba kukumba.

Ndili m'kati mokhuthula ndowa yachitatu, ndinamva windo la kuchipinda likutseguka. Sindinacheuke. Ndinkadziwa nkhope yomwe inali pamenepo, ndi mmene maso ake anali kuchepera pang'onopang'ono.

"Iwe!" anaitana a Satifiketi. "Ukukwirira chiyani kumeneko?"

Ndinaponda dothi ndi phazi kuti litsendereke bwino, n'kutola ndowa yanga.

"Kawaitaneni amayi anu," ndinatero. "Lamlungu si patali."